Kusankha Pampu Yotsukira Makola ndi Magalimoto Onyamula Ziweto

Chigodola cha nkhumba, chitopa cha nkhuku ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe amadutsa malire a maiko pa matayala a malole, m'madengu a nkhuku ndi pa nsapato za ogula ziweto. Chigodola, chimene chinafotokozedwa koyamba ku Kenya m'chaka cha 1921, chimatha kupulula khola lonse m'masiku ochepa. Mankhwala ophera tizirombo amachepa mphamvu akathiridwa pamwamba pa ndowe ndi matope, choncho kutsuka ndiyo ntchito yoyamba. Alangizi amafunsidwa kawirikawiri ndi magulu a alimi a mkaka, a nkhumba ndi a nkhuku za makina otsukira ndi madzi amphamvu. Kukhalitsa kwa makinawa kumadalira pampu yake.

Manambala awiri ofunika

Pampu iliyonse imalembedwa manambala awiri. Yoyamba ndi mphamvu imene madzi amatuluka nayo, yoyezedwa ndi muyeso wotchedwa bar. Yachiwiri ndi malita a madzi otuluka pa mphindi imodzi. Mphamvu imamatula ndowe zouma, koma kuchuluka kwa madzi ndiko kumazikokolola. Ogulitsa ambiri amatama nambala yoyamba yokha. Pampu ya 150 bar ndi malita 15 pa mphindi imamaliza khola msanga kuposa ya 200 bar ndi malita 8. Mphamvu yopitirira muyeso imakumba simenti yapansi ndi kusiya timaenje momwe tizirombo timabisala.

Mitundu ya mapampu

Makina otsika mtengo ogulitsidwa m'masitolo anapangidwira kutsuka galimoto yapakhomo mwa apo ndi apo. Mota yake imazungulira pafupifupi ka 2,800 pa mphindi, imatentha msanga, ndipo ambiri sakonzeka akawonongeka. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku pamafunika pampu ya mapisitoni atatu a ceramic, yokhala ndi mutu wa brass ndi kilankishafuti yoyenda mu oilo. Ikayendetsedwa ndi mota yozungulira ka 1,450 pa mphindi, zisilo zake zimatha mochedwa. Mapampu otere amapangidwa ndi makampani monga Interpump ndi Annovi Reverberi a ku Italy ndi Cat Pumps ya ku America. Komabe dzina palokha silikwanira. Gulu lisanapereke ndalama, lifunse ngati zisilo, mavavu ndi oilo za pampuyo zimapezeka m'dziko momwemo, ndi ngati pali makaniko woidziwa.

Mphamvu yoyendetsera pampu

Mlangizi angathe kuwerengera yekha kukula kwa mota. Achulukitse bar ndi malita a pa mphindi, kenaka agawe ndi 600. Pampu ya 150 bar ndi malita 15 imapereka 3.75 kW, ndipo popeza mphamvu ina imatayika m'kati, pamafunika mota yoposa 4 kW. Soketi wamba ya m'nyumba imalekezera pa 3 kW, kotero pampu yotere imafuna magetsi a mafezi atatu kapena injini. Injini ya petulo kapena dizilo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake pa mamita 1,000 aliwonse okwera kuchokera pa nyanja yamchere. Lilongwe, Lusaka ndi Harare onse ali pamwamba pa mamita 1,000, choncho injini yokwanira ku Beira ingathe kuperewera ku Harare. Nkwabwino kusankha yokulirapo.

Madzi olowa m'pampu

Mapampu ambiri amafa chifukwa cha madzi olowa. Pampu ya malita 15 imamwa malita 900 pa ola, kuposa migolo inayi ya malita 200. Madzi akaperewera, m'kati mumabadwa thovu limene limaphulika ndi kudya mavavu; chizindikiro chake ndi kugogoda ndi kunjenjemera kwa paipi. Kumene mpopi umatuluka pang'onopang'ono, paikidwe thanki pamalo okwera ndi paipi yaifupi, yaikulu kukamwa. Madzi a mumtsinje, a m'damu ndi a pamjigo amakhala ndi mchenga, choncho sefa isasowe ndipo itsukidwe tsiku ndi tsiku. Mankhwala monga soda ndi klorini asadutse m'pampu. Athiridwe ndi sipuleya kapena alowetsedwe m'paipi madzi atatuluka kale m'pampu.

Kasamalidwe ndi chitetezo

Wotsuka akasiya kukanikiza mfuti injini ikuyendabe, vavu yobweza madzi imawazunguliza m'pampu momwemo, ndipo amatentha mpaka kuwononga zisilo. Akafuna kupuma kopitirira mphindi ziwiri, azimitse makina. Opanga ambiri amalamula kusintha oilo pakatha maola 50 oyamba, kenaka maola 500 aliwonse. Oilo woyera ngati mkaka amasonyeza kuti madzi alowamo. Madzi amphamvu amaboola khungu, choncho mfuti isalozedwe kwa munthu kapena chiweto. Amamwazanso tizirombo mumpweya, kotero ziweto zitulutsidwe, ndowe ziyambe zawoledwa ndi fosholo, ndipo madzi otsukira asalowe m'khola lina kapena m'chitsime.

Pampu yosankhidwa motere imadula pogula, koma mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi wa nkhumba zimene chigodola chingaphe m'sabata imodzi.