Pangano ndi Mmisiri Womanga Nyumba ya Mbewu

Kukolola kukatha, m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chisanu chagwira kuno ku mapiri a Dedza, makalabu a achikumbe amasonkha ndalama za fodya ndi za chimanga kuti amange nyumba yosungiramo mbewu. Imeneyi ndi nzeru yabwino. Koma poyendera midzi ya ku Bembeke, ku Linthipe ndi ku Lobi, taona zipupa zina zili chiimire zopanda denga, udzu utamera m'kati. Tikafunsa, yankho likhala limodzi: mmisiri analandira ndalama zonse tsiku loyamba, ndipo pangano linali la pakamwa.

Boma lili ndi njira yake yopewera zotere. M'chaka cha 1996 linaika lamulo lakuti makontilakitala azilembedwa m'kaundula. Mu 2003 kunadza lamulo la kagulidwe ka katundu ndi ntchito za Boma, limene linalembedwanso mu 2017 ndi kubala bungwe la PPDA. Lamulo la kagulidweli silikhudza kalabu ya m'mudzi, pakuti ndalama zanu si za Boma. Komatu nzeru zake tingabwereke osalipira kanthu.

Pa ntchito yaing'ono, Boma limafunsa mitengo kwa anthu atatu lisanasankhe mmodzi. Inunso itanani amisiri atatu, aliyense atchule mtengo wake payekha. Musathamangire wotsika mtengo. Tumani anthu awiri akaone nyumba imene iye anamanga dzinja lisanapite, akayang'ane ngati pa ngodya pali ming'alu, ngati chinyezi chikukwera m'zipupa, ndiponso akafunse mwini nyumbayo. Ngati mmodzi wa amisiriwo ndi mlamu wa wapampando, wapampandoyo atuluke pamene anzake akusankha. Tidziwa kuti ichi chimavuta pa chibale, koma chimavuta koposa pamene denga likudontha ndipo palibe wolimba mtima kukamuitana mlamuyo.

Tsono pangano lilembedwe pa mapepala awiri, lina la kalabu, lina la mmisiri, ndipo a mfumu akhale mboni. Litchule utali ndi mulifupi wa nyumba, matumba a simenti, malata, ndi amene adzatuta mchenga ndi madzi, pakuti milandu yambiri imayambira pa mchenga. Litchulenso tsiku lotsiriza ntchito, mvula ya Novembala isanagwe. Simenti mugule nokha, msungichuma aziwerenga matumba otsala madzulo aliwonse.

Za malipiro ndizo tifuna muzimvetse bwino. Kontilakitala wa Boma amalipidwa pang'onopang'ono, ntchito imene wagwira itayesedwa, ndipo gawo lina la ndalama limasungidwa kufikira itapita nyengo yoonera zolakwika. Chitani chomwecho. Perekani gawo loyamba maziko atatha, lachiwiri zipupa zitafika pamwamba pa mazenera, lachitatu denga litafoleredwa. Pa makwacha khumi aliwonse sungani kwacha imodzi kufikira mwezi wa Epulo. Mvula ya kuno imadza ndi mphepo, ndipo ndiyo idzaulula msomali wokhomedwa molakwa ndi pansi pamene anaumira simenti. Mmisiri akakonza zimenezo, mpatseni zotsalazo tsiku lomwelo pamaso pa mboni, ndi kulemba pa mapepala onse awiri kuti walandira.

Kalabu imene ilibe mlembi wozolowera ibwere ndi kope kwa mlangizi wa dera lake, tidzathandizana kulemba panganolo njerwa zisanafike pamalo.