Chifukwa chake amayamba ndi BP

Mukapita ku kiliniki ya Chelstone kapena ya Kabwata kuno ku Lusaka, ngakhale mwapitira chifuwa, anamwino amayamba akumangani kaye pamkono kuti ayeze BP. Kale ndinkadabwa: mtima ukukhudzana bwanji ndi chifuwa?

Nkhani ndi yakuti BP ikakwera nthawi zambiri simumva kuwawa. Mitsempha ili ngati paipi ya madzi. Mchere umachulutsa madzi m'magazi, mafuta amathinitsa njira, mtima n'kumapopa movutikira mpaka kutopa, kapena mtsempha n'kuphulika mu ubongo. Ndiye boma limafuna kuigwira BP msanga, mapiritsi akadali okwanira kuithetsa mphamvu.

Poteteza mtima, boma linaletsanso kusuta fodya pagulu mu 2008, ngakhale pamasiteshoni ena utsi udakalipo. Matenda a mtima akafika poipa, National Heart Hospital kuno ku Lusaka imachita maopaleshoni amene kale odwala ankawapitira ku India.