Mudi: Mtsinje Umene Udalera Mzinda wa Blantyre

Anthu zikwizikwi amawoloka mtsinje wa Mudi tsiku ndi tsiku, ena pa minibasi ena wapansi, ndipo ambiri amangogwira mphuno chifukwa cha fungo. Koma kodi inu awerengi mukudziwa kuti mzinda wa Blantyre udabadwira m'mbali mwa mtsinje womwewu? Mudi amachokera m'phiri la Ndirande, nadzera ku Makata ndi kufupi ndi msika waukulu wa Blantyre, mpaka madzi ake kukathera mu Shire.

Azungu asanabwere, dera lino lidali midzi ya Amang'anja ndi Ayao, ndipo mfumu yotchuka idali Kapeni. M'chaka cha 1876 amishoni ochokera ku Scotland adakhazikika kumpoto kwa mtsinjewu, natcha malowo Blantyre, dzina la kwawo kwa David Livingstone. Tchalitchi chawo cha njerwa cha St Michael and All Angels adachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891.

Tsidya linalo kudabwera amalonda. John Moir ndi m'bale wake Frederick, a kampani ya African Lakes, adamanga nyumba yosanja mu 1882. Anthu ankamutcha John kuti Mandala chifukwa cha magalasi amene ankavala, ndipo dzinali lidatsalira pa nyumbayo ndi dera lonselo. Nyumba ya Mandala ilipobe mpaka lero. Pakati pa mishoni ndi Mandala padakula tauni imene idakhala ndi khonsolo yake mu 1895. Njanji itafika mu 1908 malonda adakula, ndipo mu 1956 Blantyre ndi Limbe adaziphatikiza.

Tauni siikula popanda madzi. Choncho akuluakulu adatchinga Mudi, poyamba ndi damu la Hynde, kenaka damu lalikulu la Mudi m'zaka za m'ma 1950. Mafakitale nawo adatsata chigwa chomwechi. Ginnery Corner idatenga dzina lake ku makina ochotsa njere m'thonje. Ku Makata kudabwera fakitale ya simenti, ndipo mu 1967 kudatsegulidwa fakitale ya nsalu ya David Whitehead, imene kuyambira 2003 ili m'manja mwa a Mapeto.

Nanga antchito ankagona kuti? M'nthawi ya atsamunda munthu wakuda sadali ndi malo pakati pa tauni. Anthu ochokera ku Chiradzulu, Mulanje, Mangochi ndi kwina adamanga kapena kuchita lendi ku Ndirande, komwe munthu ankatha kupita ku ntchito wapansi. Chilomoni, Zingwangwa, Bangwe ndi Machinjiri nakonso kudadzaza anthu ofuna ntchito. Antchito a m'chigwachi adagwedezanso dziko: sitalaka ya ku Whitehead mu May 1992 idafalikira mumzinda monse, anthu ambiri nafa pa zipolowe, ndipo chaka chotsatira Amalawi adavotera zipani zambiri.

Koma mayi amene adatilerayu tamubwezera chipongwe. M'zaka za m'ma 1990 mitengo ya m'phiri la Ndirande idadulidwa mpaka phiri kutsala mbee, ndipo dothi lokokoloka lidayamba kukwirira damu. Kumunsi, zinyalala za m'misika, mapulasitiki, zotuluka m'zimbudzi ndi madzi oipa a m'mafakitale ena zimathera mu mtsinjewu. Lero madzi ambiri amene timamwa amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Ndi chifukwa chake magetsi akavuta, mipopi nayo imauma, ndipo amayi ndi ana amatsikira ku madzi akuda omwewo kukachapa.

Akuluakulu adati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Makolo, auzeni ana anu mbiri ya Mudi. Aletseni kutaya zinyalala m'ngalande, popeza ngalande zambiri za ku Ndirande ndi m'tauni zimakathira mu Mudi. Ndipo dzinja likafika, banja lililonse libzale mtengo ndi kuusamalira mpaka ukule.