Banja Likasowa Mwana: Likodzo, IVF ndi Chigamulo cha Mashehe

Chaka chikatha chichitikireni nikah koma pakhomo osamveka kulira kwa khanda, anthu amayamba kuyang'anana. Zikakwana zaka zitatu amayankhula poyera, ndipo chala chimaloza mayi. Kuno ku Karonga, kumene ambiri amalowola ndi ng'ombe, funso la akuchimuna silichedwa: ng'ombe zinapita, nanga mwana ali kuti?

Abale ndi alongo, vutoli si la nyumba imodzi. Bungwe la WHO linalengeza mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Pafupifupi theka la mabanja otere, mbali ina ya vuto imapezeka mwa bambo. Kuyeza umuna n'kosavuta ndipo sikupweteka, koma abambo ambiri amalolera kukwatira wachiwiri kusiyana n'kukaima pakhomo la labotale.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mdani wina amene sitimuganizira. Mayi wochapa ndi kutsuka mbale kunyanja, kapena wodzala mpunga m'madzi a ku Hara, Wovwe ndi Lufilya, angathe kutenga likodzo lochokera ku nkhono. Timalidziwa ndi kukodza magazi, koma mazira a tizilomboti amakakhazikikanso pakhomo la chiberekero ndi m'machubu odutsa dzira la mayi, n'kusiya zipsera zotseka njira. Kafukufuku wa ku Mangochi amene anasindikizidwa mu 1996 anaonetsa zimenezi mwa amayi a kuno kwathu, ndipo pambuyo pake mazira omwewa anapezekanso mu umuna wa asodzi. Mankhwala a praziquantel amapha nyongolotsi zake, koma chipsera chakale sichichoka msanga. Chinzonono chosachizidwa bwino chimatsekanso machubu chimodzimodzi.

Machubu akatsekeka ndiye pamabwera njira ija yotchedwa IVF. Mayi amabayidwa jakisoni kwa masiku 10 kapena kupitirira pang'ono kuti mazira akhwime angapo. Dokotala amawatenga ndi singano akuyang'ana pa sikani, amawaphatikiza ndi umuna wa bambo mu labotale, ndipo pakapita masiku 3 mpaka 5 amabwezera kamluza m'chiberekero. Mwana woyamba wa njirayi, Louise Brown, anabadwa ku Oldham, England, pa 25 July 1978. Ku South Africa woyamba anabadwa mu 1984 pachipatala cha Tygerberg ku Cape Town. Anansi athu a ku Tanzania anatsegula ntchitoyi pachipatala cha boma cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2024.

Kodi Chisilamu chimalola? Mufti wa ku Egypt, Sheikh Jad al-Haq, anapereka fatwa mu 1980, ndipo mashehe a maiko ambiri atakumana ku Amman mu 1986 anagamula mofanana: n'zololedwa ngati dzira ndi la mkazi, umuna ndi wa mwamuna wake, chiberekero n'cha mkazi yemweyo, ndipo nikah yawo ikadalipo. Mbewu ya munthu wachitatu ndi haramu, chifukwa imasokoneza mtundu wa mwana ndi malamulo a chuma chamasiye. Mashehe a ku Makkah mu 1984 anali atalola kuti mkazi mnzake wa pamitala asenze mimbayo, koma mu 1985 anabweza chilolezocho, poona kuti mayi weniweni wa mwana angathe kusadziwika. Choncho amene akupita ku chipatala chotere anene poyambirira kuti safuna mbewu ya wina, ndipo afunse m'mene amalembera maina pa timbale kuti zisasokonekere.

Munthu asagulitse ngalawa ndi maukonde asanamve izi. Ngakhale kwa mayi wosakwana zaka 35, ulendo umodzi umabala mwana pafupifupi kamodzi mwa katatu, ndipo zaka zikapitirira 40 mwayi umatsika kwambiri. Chipatala cholonjeza kuti sichilephera n'chokayikitsa. Ena amapempha kuti awaikire timiluza titatu nthawi imodzi kuti ndalama isapite pachabe. Maganizo anga ndi akuti uku n'kuika moyo pachiswe: mapasa ndi ana atatu amabadwa masiku asanakwane kawirikawiri, ndipo mayi amakwera BP. Madokotala osamala masiku ano amakonda kuika kamodzi, tina n'kusunga m'chipale.

Pafupi ndi ife pali ngozi ina, ya mapiritsi a clomiphene amene amayi amagulirana popanda dokotala. Amathandiza mayi yekhayo amene dzira lake silikhwima. Kwa wotsekeka machubu ndi kutaya ndalama chabe. Mankhwala okhwimitsa mazira, makamaka a jakisoni, akachuluka amatupitsa mimba ndi madzi mpaka munthu kubanika. Zitsamba zoika kumaliseche nazo zimangowonjezera zilonda.

Mimba ikabwera, Alhamdulillah, miyezi itatu yoyamba njofunika maso. Mwambo wathu ndi kubisa mpaka ioneke, koma kusikelo pitani msanga. Mapiritsi a folic acid amateteza msana ndi ubongo wa mwana, ndipo ndi bwino kuwayamba mimba isanabwere. Fansidar woteteza malungo samwedwa masabata 13 asanakwane, choncho gonani m'neti.

Mayi amene machubu ake anavulalapo achenjere ndi mimba yomera m'chubu. Akadumpha kusamba, kenako n'kumva kupweteka mbali imodzi ya chinena, kudontha timagazi, chizungulire kapena kuwawa paphewa, asadikire kuti kuche. Chubu chikaphulika magazi amatayikira m'kati, osaoneka kunja, ndipo chopulumutsa ndi opaleshoni. Wa ku Kaporo kapena Chilumba athamangire chipatala chapafupi kuti amutumize ku chipatala chachikulu cha Karonga, ndipo apite ndi achibale awiri okonzeka kupereka magazi.