Chidzudzulo sichipha wolemba

Mwezi watha mtsikana wina wa ku Chibavi anandibweretsera buku lake la nthano, losindikiza kale ndi ndalama zake. Makope ambiri akadali m'katoni kunyumba. Asanapite nalo kosindikiza anapatsa aphunzitsi ake akale, azakhali ake ndi anzake a kutchalitchi kuti awerenge, ndipo onse anamuuza zofanana: "Zili bwino, pitirizani." Palibe amene anamuuza kuti dzina la amayi a m'nkhaniyo likusintha pakati pa buku, kapena kuti mtsikana wa m'nkhaniyo akungochitiridwa zinthu, yekha safuna kanthu. Zinandipweteka, chifukwa luso ali nalo.

Ine ndine mkonzi wa zolembedwa, ndipo ndatopa ndi bodza loti ukamuuza wolemba wongoyamba zofooka za nkhani yake wamuphwanya mtima, kapena uli ndi nsanje. Bodza limeneli lawononga mabuku ambiri kuno ku Mzuzu kuposa kusowa kwa ndalama. Timati tikumulemekeza mwanayo, pamene tikungothawa ntchito yowerenga mwachifatse. Kuyamikira sikulira thukuta. Munthu atha kuyamikira buku atangoona chikuto.

Taonani kumene alembi athu otchuka anachokera. Mu 1970 ku Chancellor College kunayamba gulu la Writers Group, mmene munadutsa anthu ngati Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula. Ankakumana sabata ndi sabata, wina n'kubweretsa ndakatulo kapena nthano yake, anzake n'kuisenda mzere ndi mzere. Inali nthawi ya Kamuzu, pamene liwu limodzi lolakwika likanatha kukutsekeretsa m'ndende, komabe sankanyengererana. Pofika 1981 Mapanje anali atatulutsa buku la Of Chameleons and Gods. Ife lero tili ndi ufulu wolankhula, tili ndi yunivesite ya Mzuni ku Luwinga, tili ndi laibulale m'tauni, koma pakamwa pathu pamatuluka "zili bwino" basi.

Komanso sindikuikira kumbuyo anthu ongodzaza pepala ndi inki yofiira. Kukonza kalembedwe ka mawu ndi ntchito yomaliza, ngati kupaka laimu nyumba itatha kumangidwa. Mkonzi amayamba ndi mpangankhani wamkulu, ndiye kuti munthu amene nkhani yatsamira pa iye: akufuna chiyani, ndipo ndani akumutchinga? Kenako amafufuza pampondachimera, pamene zinthu zafika pothina kotero kuti munthuyo ayenera kusankha. M'nthano zambiri zimene ndimalandira, pamalo amenewa pamafika abusa kapena agogo kudzafotokoza phunziro. Wowerenga si mwana wa Sitandade 2. Musiyeni aone yekha.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi malo. Wolemba akuti nkhani ikuchitikira ku Mzuzu, koma mulibe mvula yowaza ya m'mawa, mulibe chisanu cha mwezi wa June, mulibe wakabaza wa pa Katoto, ndipo ngakhale mayi wogulitsa nthochi mumsika salankhulako Chitumbuka n'kamodzi komwe. Mutachotsa dzina la Mzuzu n'kuikapo Balaka, palibe chingasinthe. Wolembayo akutengera za m'mafilimu, pamene zoti alembe zili pakhomo pake ku Zolozolo.

Tsono mnzanu akakupatsani nkhani yake, muiwerenge yonse kaye musanagwire cholembera. Mufunseni ngati akufuna kuitumiza ku mpikisano kapena akungoyesa dzanja, poti mayankho ake amasiyana. Muuzeni chimene chakugwirani mtima ndipo mutchule tsamba lake, kuti adziwe choti asunge. Zofooka sankhani ziwiri kapena zitatu zikuluzikulu, ndipo nenani zimene zakuchitikirani powerenga: "Achemwali, apa ndinasokonezeka kuti akulankhula ndani." Musamulembere nkhani yake. Mwina njira imeneyi siyenda kwa aliyense. Pali ena amene amafunika kuwasiya sabata imodzi kuti mtima ukhale pansi musanakambirane, ndipo nthawi zina mkonzi amaona cholakwika pamene wolemba anachita dala. Koma chonde kambiranani awiriwiri, osati pagulu la WhatsApp, ndipo chitani zimenezi asanapereke ndalama kwa osindikiza.