Mpando wotsetsereka paphiri

M'chaka cha 2014, ku Sochi m'dziko la Russia, mtsikana wa ku Germany wa zaka 21, Anna Schaffelhuber, anapata mendulo zisanu zagolide pa mpikisano wotsetsereka m'mapiri. Iye anabadwa ndi vuto la msana ndipo amayendera njinga ya olumala. Mendulo zonsezo anazipata ali chikhalire pampando.

M'maiko ozizira, nyengo yachisanu mapiri amakutidwa ndi madzi oundana ofewa ngati ufa, otchedwa sinowo. Anthu amamanga kumapazi matabwa awiri aatali, otchedwa ski, nkumatsetsereka kuchokera pamwamba.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inatha mu 1945, inasiya asilikali ambiri a ku Germany ndi Austria ali oduka mwendo. Ena anakana kungokhala pakhonde. Anamangirira timatabwa kunsi kwa ndodo zawo zoyendera, nabwerera kuphiri. Mu 1976, ku Örnsköldsvik m'dziko la Sweden, kunachitika mpikisano woyamba wa Paralympics wa nyengo yachisanu. Pambuyo pake amisiri anakonzanso chipangizo cha anthu amene sangathe kuima.

Chipangizocho ndi mpando woumbidwa molingana ndi thupi la mwini wake. Umakhala pachitsulo chokhala ndi sipuling'i yonga ya njinga yamoto, imene imagwira ntchito ya mawondo pamalo a mabampu. Pansi pake pali thabwa limodzi. Malamba amagwira m'chiuno ndi m'ntchafu kuti munthu akapendekeka, mpando upendekeke naye pamodzi. M'manja amagwira ndodo ziwiri zazifupi za timatabwa kunsonga, zokhotera ndi kudzichirikiza. Wongoyamba kumene amakwera mpando wa matabwa awiri, umene sugwa msanga, mphunzitsi ali pambuyo atagwira chingwe. Akatswiri amapitirira makilomita 100 pa ola.

M'midzi ya m'malire muno sinowo sagwa, koma alipo amene anaduka miyendo ndi mabomba okwirira, nkhondo isanathe mu 1992 ngakhale itatha. Kwa iwo, ndi kwa amisiri owotcherera njinga za olumala, pali chofunika kutolapo. Opanga mipando ya kuphiri amayamba ayeza thupi la munthu asanadule chitsulo. Mpando waukulu umamugwetsa. Wothina kapena wouma umayambitsa zilonda, makamaka kwa amene samva kupweteka m'matako. Mpando womukwana ndiwo umamufikitsa kumene akufuna, kaya ndi kutsinde kwa phiri, kaya kumsika.