MPHIRA M'PHULA LA MSEWU

Msewu waukulu wa kunyanja, umene utchedwa M5, upitira pa Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa, nufika ku Nkhata Bay. Chiyambire chaka cha 1979, pamene fakitale ya shuga ya pa Dwangwa inayamba ntchito yache, malole olemera ayenda pamsewuwo usana ndi usiku. Kodi nchiyani chimene chigwira miyala ya msewu kuti isamwazike pansi pa katundu wotere?

Chimene chigwira miyalayo ndi phula. Phula limeneli si la njuchi ai. Lichokera ku mafuta okumba pansi pa nthaka. Anthu atenthetsa mafutawo, nachotsamo petulo, parafini ndi dizilo, ndipo chotsala pansi, chakuda ndi chomata ngati ulimbo, ndicho phula. M'Malawi muno sapanga phula la msewu. Lichita kubwera kuchokera kunja.

Koma phula liri ndi chilema chache. Likatentha lifewa, likazizira kapena kukalamba liuma. M'mwezi wa Okotobala, dzuwa la kunyanja likaswa mtengo, msewu wakuda ukhoza kutentha kufikira madigiri 60, pamene phula wamba liyamba kufewa pa madigiri 50 kapena asanakwane. Lole ikapondapo, phula lithawira m'mbali, ndipo silibwereranso; motero m'njira ya matayala mukhala tingalande tiwiri. Zitapita zaka, phulalo liuma nilichita ming'alu. Mvula ilowa m'ming'alumo, nifewetsa nthaka ya pansi, ndipo dzenje labadwa.

Mwana aliyense wodziwa legeni adziwanso mankhwala a nthenda imeneyi. Mphira, imene ena aitcha labala, ukaikoka itamuka, ukaisiya ibwerera pomwe inali. Mphira ina ndi utomoni wa mitengo, monga ija ya pa Vizara pafupi ndi Nkhata Bay. Ina ndi yopanga ndi anthu kuchokera ku mafuta omwe aja. Anthu a ku America anaipanga yambiri kuyambira 1942, pakuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Japan analanda minda ya mphira ya ku Malaya. Mtundu wina wa mphira yopanga, wotchedwa SBS, unatulukira m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndiwo umene amisiri a misewu aukonda.

Amisiri atenthetsa phula kufikira madigiri ngati 180, nathiramo mphira pang'ono, magawo atatu kapena asanu pa 100, natakasa kolimba. Mphirayo imwa mafuta opepuka a m'phula, nitupa, nilukana ngati ukonde wa asodzi. Ukondewo suoneka ndi maso, koma ntchito yache ndi yaikulu. Dzuwa likatentha, ugwira phula kuti lisayenderere. Tayala likaponda, phula lipindika pang'ono nilibwerera. Mng'alu ukafuna kuyamba, phula litamuka m'malo mwa kusweka, ndipo miyala siisansuka msanga.

Ena apera matayala akale nathira m'phula, gawo limodzi pa magawo asanu. Njira imeneyi anaiyamba Charles McDonald ku Phoenix, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1960, ndipo a ku South Africa anaitengera m'zaka za m'ma 1980.

Phula la mphira liri ndi mabvuto achenso. Mtengo wache ndi wokwera. Ndi lolimba ngati phala lochuluka ufa, kotero lifuna moto wambiri politsira; ndipo likakhalitsa m'thanki osatakasa, mphira iyandama pamwamba monga mafuta pa msuzi. Moto ukapitirira muyeso, mphirayo ipserera, ndalama nizipita pachabe.

Ndiponso mphira siitha kuletsa mtsinje. M'chaka cha 2024 madzi osefukira anadula msewu wa M5 m'boma la Nkhotakota, chifukwa anakokolola nthaka imene phula linakhalapo. Pamalo otere chofunika ndicho milatho yotakata ndi ngalande zosatsekeka ndi mchenga.